A Lakisoni avula chipewa chakuda

Mapewa akundiwawabe, abale. Musaganize kuti ndi mashifiti a kuchipatala, ayi. Lachinayi lapitali ndinathera masana onse nditawerama m'garaja ina ku Ilford, kuno ku London, nditagwira miyendo ya mdala wamtengo, ndikuyesa kumuyendetsa kuchoka pachitseko kukafika pazenera. Kamtunda kosakwana mapazi khumi. Mdalayo anakana.

Ndiyambe bwino, mungandiyese wozungulira mutu.

Ku Ilford kuli azibambo awiri achikulire amene ntchito yawo ndi kuseweretsa zidole pamaso pa anthu. Sindikunena zidole zogulira ana m'sitolo. Izi ndi zosema, zina zoyendera zingwe, zina zazitali kufika m'chiuno mwa munthu, ndipo zikayamba kuyenda umaiwala kuti ndi mtengo. Mmodzi ndi a Harold, mzungu wamtali wowonda, wobadwira konkuno. Winayo ndi a Lakisoni, amene anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, bambo awo atachoka ku Dedza wapansi kukasaka ntchito. Anafika ku London ali mnyamata, akudziwa ukalipentala basi.

Ine ndinadziwana nawo chifukwa cha makina anga osokera. Wina anawauza kuti ku Lewisham kuli mayi wachimalawi amene amasoka akaweruka, ndiye anayamba kundibweretsera timajekete ndi timabuluku ta zidole zawo. Atamva kuti ndine Naphiri anati basi, iwo ndi a Phiri, ine ndine mlongo wawo. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi achimwene, ine achemwali.

Chidole chachikulu amachigwira awiri. A Harold amagwira mutu ndi mkono, a Lakisoni miyendo. Onse amavala zakuda, ndipo kumutu amavala chipewa cha nsalu yakuda chophimba nkhope yonse, chomanga ndi kachingwe pakhosi, kuti oonerera aziyang'ana chidole osati anthu. Sewero likatha, mwambo wa ntchitoyi ndi woti osewera avule chipewacho, awerame, anthu awaombere m'manja.

A Harold amavula. A Lakisoni anali asanavulepo.

Zaka pafupifupi makumi anayi, m'masukulu, m'mapaki, m'maholo a matauni omwe ine mayina ake sinditha n'kuwatchula komwe, anthu akhala akuombera m'manja mzungu ndi munthu wopanda nkhope woima pambali pake.

Chifukwa chake mwachiganizira kale, musanamizire. Awiriwa sagwirira ntchito limodzi chabe. Nyumba ndi imodzi, ketulo ndi imodzi, ndipo m'nyengo yozizira yapitayi, lamulo la kuno litangolola, anapita ku ofesi ya khansolo kukalembetsa kuti iwo ndi awiri okhalira limodzi mpaka imfa. Chikalatacho ndinachiona ndi maso anga, chili m'kabati pansi pa maburashi a penti. Koma kwa ife anthu akwawo, a Lakisoni ndi bambo uja wosakwatira amene amachita lendi kwa mzungu. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, benchi ikagwedera amaikonza, mapemphero akatha amanyamuka tiyi asanafike.

Tsono gulu lathu la Amalawi a kuno ku Lewisham ndi madera ozungulira limakhala ndi tsiku la ana kamodzi pachaka. Mukuwadziwa ana athuwa, umawafunsa kuti wadya, amamva bwinobwino, koma yankho limabwera m'Chingelezi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinauza komiti kuti chaka chino tisiye kuwaimbitsa nyimbo zoti sakuzimva, ndibweretsa zidole. A Lakisoni ali ndi sewero la mtchona, mdala wonyamula kasutikesi ndi bulangete paphewa, akuyenda ulendo wautali wosaka ntchito. Nkhope ya chidolecho anaisema potengera nkhope ya bambo awo. Komiti inavomera.

A Lakisoni anazengereza sabata ziwiri. Kenako anavomera, n'kuwonjezera mawu amene ine sindinawapemphe. Anati ulendo uno, pamaso pa anthu akwawo, akufuna kuvula chipewa. Anati zaka zawo zadutsa makumi asanu ndi awiri, ndipo safuna kukalowa m'manda palibe Mmalawi wina, kupatula ine, wodziwa kuti miyendo ija amayendetsa ndi iwo. Ndinakondwa mpaka ndinawasokera zipewa zatsopano, zakalezo zinali zitayera ngati phulusa.

Lachitatu foni inalira. Anali mayi wapampando wa gulu lathu. Mukudziwa mmene timayambira ife: ana ali bwanji, nyengoyi itipha, kumudzi mwamvako? Patadutsa mphindi khumi m'pamene nkhani yeniyeni inatuluka. Anati amva mphekesera za azibambo aja. Anati zidolezo zibwere ndithu, ana asangalala, ndiponso makolo auzidwa kale. Koma eni akewo asaonekere. Amalize, alongedze, atulukire khomo lakumbuyo.

Ndinapsa mtima, ndivomere. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti zidolezo zibwere zokha pa basi. Ndinanenanso zina zimene sindingazilembe pano chifukwa amayi anga amawerenga danga lino. Koma cholakwa changa chachikulu sichinali chimenecho. Nditangodula foni ndinaimbira a Lakisoni, mtima udakali m'mwamba, n'kuwakhuthulira zonse osasiyako ngakhale liwu limodzi. Ndinkayesa akwiya nane limodzi. Anangoti zikomo achemwali, n'kudula.

Ndiye Lachinayi lija, nditafika ndi zipewa zanga zatsopano, ndinawapeza atakhala pabokosi akupala kathabwa kosafunika kupala.

“Achemwali, Loweruka miyendo mugwira ndinu. Ine thupi silili bwino.”

Thupi silili bwino chiyani, munthu ali ndi sangweji yachiwiri pabondo?

A Harold sanatsutse. Anangondipatsa miyendo ya mdalayo, timitengo tiwiri totuluka kuzidendene, n'kunena kuti tiyese. Abale, ine ndimasoka diresi la ukwati sabata imodzi, ndimapeza mtsempha wa munthu wonenepa mumdima, koma chidole chija chinandichititsa manyazi. Mutu ukapita kutsogolo miyendo inkatsalira. Miyendo ikathamanga mutu unkagwera chagada. Mdala wa ulemu wake ankayenda ngati akuchokera kumowa wamasese.

Ndinapempha a Harold kuti aziwerenga, wani, thuu, wani, thuu, kuti ndidziwe ponyamula phazi. Anandiyang'ana modabwa. Anati iwo sanawerengepo. Anati a Lakisoni akakoka mpweya ndiye kuti phazi likunyamuka, ndipo mutu uyenera kutsogola pang'ono. Akautulutsa, phazi latera. Amamva ndi khutu, ndipo m'holo mukakhala phokoso amamvera paphewa, poti mapewa awo amakhala atagundana. Ndinafunsa kuti zimenezi zimatenga nthawi yaitali bwanji kuphunzira. Anati zaka khumi zoyambirira n'zovutirapo.

Ndinatsala ndi masiku awiri.

Titatopa tinamwa tiyi, ndipo a Harold anatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi zithunzi zakale. Ndinkayesa andionetsa zidole. Anandionetsa anthu. Awa amuna awiri atatsamira galimoto yawo, yolembedwa dzina la mmodzi yekha. Awa akazi awiri atanyamula chinjoka cha nsalu, wina kumutu wina kumchira. Awa amuna ena awiri, okalamba kale pa nthawiyo, amene anaphunzitsa a Harold kumanga zingwe. Chithunzi chilichonse ankachitembenuza n'kundiuza zimene zinkalembedwa pa zikwangwani zoitanira anthu: uje ndi mng'ono wake, uje ndi womuthandiza, uje ndi msuweni wake.

Sanali mng'ono, sanali msuweni.

A Harold anati pamene iwo ankayamba ntchitoyi, amuna awiri okondana ankamangidwa konkuno ku England komwe lero timati n'kotayirira. Ndiye ntchito ya zidole inali pobisalira pabwino. Imafuna manja anayi, palibe angadabwe. Mumayenda galimoto imodzi, palibe angadabwe. Mukafika kunyumba ya alendo mumagona chipinda chimodzi, ndipo mukafunsidwa mumati chinacho chadzaza mabokosi a zidole. Koposa zonse, oonerera sayang'ana inu. Anthu oterewa anasema, anasoka, anaseketsa ana a dziko lino mibadwo ingapo, mayina awo ali theka pa chikwangwani.

Anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha akazi awiri aja. Anati mmodzi atamwalira, abale ake anabwera ndi lole n'kutenga zidole zonse, poti dzina la winayo silinalembedwe paliponse. Kwa iwo anali wosoka chabe. Mayiyo anapempha chidole chimodzi chokha, chimene anachisoka yekha ndi manja ake, koma anamukaniza. Ine ndinkayesa kulanda katundu wa amasiye ndi matenda a kwathu kokha.

Tiyeni tikambirane pang'ono, ife tokhatokha.

Kodi mayi wapampando ananena chachilendo? Ayi ndithu. Ananena zimene timachita tonse, kungoti iwo anazinena pafoni. Timafuna manja a munthu, nkhope yake ayi. Aliyense wa ife akudziwa wina. Mnyamata uja wokongoletsa holo pa maukwati athu onse, amene sitinamufunsepo kuti akaweruka amapita kwa yani. Azakhali aja amene anaphunzitsa ana a abale onse, okhala ndi mnzawo wa kuntchito zaka makumi awiri, mnzawoyo pamaliro timamukhazika kubenchi ya anthu odutsa. Timadya zophika zawo, timaimba nyimbo zimene atiphunzitsa kukwaya, timakhalira mabenchi amene akhoma. Tikatero timawatsegulira khomo lakumbuyo, mwaulemu kwambiri, tikumwetulira.

Ndipo ife a kuno ku London tiyenera kuchita manyazi kawiri. Si ife amene timatawula okalamba a eni dziko mbandakucha, timakolopa maofesi eni ake asanafike, n'kumadandaula m'basi kuti anthuwa amafuna ntchito yathu koma safuna kutiona? Timalidziwa bwino khomo lakumbuyo. Talilowa ndi mapazi athu. Nanga bwanji tikangopeza kaholo kathu, kobwereka maola anayi, chinthu choyamba timasaka woti timutulutsire kumeneko?

Musandiyese woyera mtima. Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndipo ndidakali momwemo. Tsiku loyamba kuzindikira za awiriwa ndinabwerera kunyumba ndikudziyankhulira ndekha m'sitima, ndipo jekete lawo la chidole linakhala sabata osaligwira. Sindinasinthe chifukwa cha buku kapena mtsutso. Ndinangopitiriza kupita ku Ilford, n'kumaona a Harold akudula mapiritsi a a Lakisoni pakati chifukwa akuluakulu amawatsamwa, a Lakisoni akukalipa kuti a Harold atulukanso opanda sikafu. Patapita nthawi ndinasowa choti ndizidana nacho. Mafunso a zaumulungu ndawasiyira odziwa. Ine ndimadziwa banja ndikaliona, ndakhalamo m'mabanja awiri.

Tibwerere kugaraja.

Tiyi atatha tinayambiranso. Ine sindinawanyengerere a Lakisoni, ndinali nditawononga kale zokwanira ndi pakamwa. Ndinangogwira timitengo tija n'kupitiriza kuzunza mdalayo. Anapunthwa, anagwada posafunika kugwada, kenako mwendo wina ndinauponya kumbali ngati akuvina. Ndikumva kupala kuja kwasiya. Kenako bokosi linakhwekhwereza.

“Chokanipo, achemwali. Bambo anga sankamwa mowa.”

Anandilanda timitengoto. Anawerama, phewa lawo linapeza phewa la a Harold, ndipo ndinamva akukoka mpweya. Mdala uja anaimirira. Anakonza bulangete paphewa, anayang'ana kumwamba ngati akuyeza dzuwa, n'kuyamba kuyenda, pang'onopang'ono, mwendo wamanzere ukukoka pang'ono ngati wa munthu amene wayenda masiku ambiri. Anafika pazenera paja mosavuta. Za chipewa palibe anatchula, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Loweruka holo inadzaza. Panali ife a ku Lewisham, ena ochokera ku Edmonton atakwera mabasi atatu, ndi abale athu obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anali ochokera kwathu. Ndinathandiza azibambowo kuvala kuseri kwa katani. Chipewa cha a Lakisoni ndinawamangira ndine.

Sewero lenilenilo sindingalifotokoze mokwanira. Ana amene sakhala pansi mphindi ziwiri anakhala duu. Mawu a mdalayo ankatuluka m'chipewa cha a Lakisoni, Chichewa chosavuta, ndipo ndinamva kamtsikana kena kakumasulira kanzake monong'ona. Mdalayo atafika pamtsinje waukulu, n'kuima, n'kucheukira kumene wachokera asanawoloke, bambo wina wa ku Zimbabwe amene anali pafupi nane anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

Sewero linatha. Anthu anaomba m'manja. A Harold anakhazika chidole pampando, anavula chipewa, anawerama. Mayi wapampando anali ataima kale pakhomo lakumbuyo, atalitsegula, akuligwira ndi phazi.

A Lakisoni anaima osasuntha. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Kenako manja awo anakwera kukhosi.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Kalanga ine! Kachingwe kaja ndinakamanga mfundo ziwiri zothina, mmene ndimamangira katundu wotumiza kumudzi. Munthu wadikira zaka makumi anayi kuti avule chipewa, mlongo wake wamumangira ngati thumba la chimanga. Zala zawo zinkalimbana ndi mfundoyo, ikukana. Kuomba m'manja kunayamba kuchepa. Wina anaseka. Ndinaona manja awo akuyamba kutsika, ndipo ndinadziwa kuti akatsika ndiye kuti basi, sadzakweranso.

A Harold anatembenuka, kusiya anthu kumbuyo. Anawagwira manja aja n'kuwatsitsa okha, modekha. Anawerama n'kumasula mfundoyo ndi zikhadabo, osafulumira, ngati m'holomo mulibe munthu. Anakweza chipewacho. Tsitsi loyera la a Lakisoni linali litaimirira mbali imodzi chifukwa cha thukuta, ndipo a Harold analisalaza ndi chikhatho, kawiri, osaganiza n'komwe. Zinaonekeratu kuti dzanja limenelo lachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Panalibenso chofunika kulengeza.



Sindikunamizani kuti onse anakondwa. Mabanja angapo ananyamula ana awo n'kutuluka, ndipo khomo limene linatsegulidwira azibambo awiri linagwira ntchito yotulutsa ena. Mayi wapampando anatsagana nawo. Mpaka lero sanandiimbire, ndipo ndikudziwa kuti dzina langa likuphikidwa m'mafoni.

Koma ana sanadikire chilolezo cha komiti. Anayamba kuomba m'manja ndi kumenya mapazi pansi, akulu otsalawo n'kutsatira, poyamba mwamanyazi, kenako ndi mtima wonse. Wina kumbuyo anakuwa kuti awa si a Phiri a mabenchi? A Lakisoni sadziwa kuwerama kwa azisudzo, sanakuchitepo. Anangopinda maondo pang'ono n'kuomba m'manja mofatsa, kuyang'ana kumanja, pakati, kumanzere, mmene timathokozera kwathu. Misozi inkatsika osaipukuta. Ine ndinaliza nthungululu mpaka kukhosi kunauma, ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Nthawi ya chakudya itakwana, awiriwo anakhala pakona pafupi ndi mabokosi awo. Anthu ankawayang'ana, ena akumwetulira, koma palibe anayandikira. Kuomba m'manja n'kosavuta, umaomba uli patali.

Kenako ndinaona mayi Nachisale akudzuka. Amene simuwadziwa, awa ndi mayi achikulire obadwira ku Zimbabwe, otsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi kwathu, munthu woti akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Anawoloka holo yonse ndi ndodo yawo, kulunjika pakona paja. Ndinasiya mbale ya mpunga n'kuthamanga kuti ndikatchinge.

Anaima pamaso pa a Lakisoni n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anawakalipira kuti zaka zonsezi akhala akuwakhomera mabenchi osanena kuti ali ndi luso lotere, ndipo anati nawonso bambo awo anawoloka mtsinje womwewo ndi bulangete lomwelo. Atatero analoza a Harold ndi mlomo.

“Nanga alamuwa adya?”

A Lakisoni anatembenukira kwa a Harold kuti awamasulire. Sipanafunikenso. A Harold anaimirira, utali wonse uja, anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kuyankha m'Chichewa chomveka bwino, cha ku Dedza, chachikale ngati cha agogo athu:

“Sindinadye, mayi. Ndimadikira kuitanidwa.”

Ndinakumbukira zonse zimene ndakhala ndikunena pamaso pawo, za mabuluku awo aafupi, za tiyi wawo wosalawika. Pambuyo pake a Lakisoni anandiuza kuti m'nyumba mwawo Chichewa chimayankhulidwa tsiku lililonse kuyambira kalekale, koma a Harold anali asanachitulutsepo pakhomo. Mzungu angachidziwire kuti Chichewa chotere, ngati munthuyo amangochita lendi?

Mayi Nachisale sanadabwe, kapena anabisa bwino. Anandipatsa ndodo yawo kuti ndigwire, anatenga jagi ya madzi ndi beseni patebulo, n'kubwerera nazo okha, akutsimphina.

“Ndiye mwadikira nthawi yaitali,” anatero. “Bweretsani manjawo musambe.”